AMPK, mlonda wa nkhokwe ya m'selo: khansa imamutseka bwanji pakamwa?

Mai a Tadala (Chinamwali): Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso lomwe landisowetsa tulo kuyambira Lachisanu. Azakhali anga anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero mwezi wathawu, ndipo akukhala kwathu podikira tsiku lawo la ku Queens. Bambo anga ali ndi shuga, amamwa metformin, chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi. Ndiye msuweni wanga watumiza mawu ojambula a munthu wina amene akuti m'thupi muli chinthu chotchedwa AMPK, khansa imachizimitsa, koma mapilitsi a shuga amachiyatsanso. Akuti tiziwapatsa azakhali mapilitsi a bambo, komanso azisala kudya masiku awiri pa sabata kuti khansayo ife ndi njala. Bambo avomera kale kugawana ndi mlongo wawo. Ine mtima ukukana. Inu odziwa, AMPK ameneyu alikodi? Nanga khansa imamuzimitsa bwanji?

Nasibeko (namwino wopuma): Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Zina akufotokozerani ana asukuluwa, koma ine ndiyambe ndi za lero. Mapilitsiwo musawapatse. Khansa ya khomo la chiberekero ikakula imatha kupanikiza timachubu totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, impso n'kuyamba kufooka munthu osadziwa. Metformin amachoka m'thupi kudzera mu impso zomwezo. Zikafooka, mankhwalawo amaunjikana ndipo asidi amatha kuchuluka m'magazi mpaka kupha. Ndipo bambo anu akagawa awo, iwowo shuga wawo awongola ndi chiyani? Zosala kudyazo ayi ndithu. Odwala khansa timalimbana nawo kuti asaonde, osati kuwaonjezera njala.

Che Bwanali (Songani): Mawu amenewo nane anandipeza, anatumiza mphwanga. Ndinasangalala kuti kani mapilitsi anga akunditchinjirizanso ku khansa. Ndiye ndi bodza lonse?

Chikondi (Chikanda): Che Bwanali, si bodza lonse, ndipo vuto lake lili pomwepo. Wojambulayo watenga mutu wa nkhani yoona n'kuusokerera mchira wake. Ine ndikumaliza maphunziro a sayansi pa Chanco ndipo nkhani ya AMPK ndaiwerenga kwambiri chaka chino. Ndiloleni ndiyambire pansi, ngakhale zitalike.

Thupi lathu limapangidwa ndi timagawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo iliyonse ya m'thupi imayendera mphamvu yomwe imasungidwa m'kanthu kotchedwa ATP. Tikadya nsima, thupi limaisandutsa shuga, selo n'kuwotcha shugayo kuti ipange ATP. ATP ili ndi timagulu titatu ta phosphate. Selo ikagwira ntchito imathothola kamodzi, yotsalayo n'kukhala ADP. Zinthu zikathina, selo imatenga ADP ziwiri n'kupanga ATP imodzi ndi AMP imodzi. Choncho AMP ikayamba kuchuluka, ndiye kuti m'selomo mwalowa njala. AMPK ndi enzyme, kutanthauza puloteni yoyendetsa ntchito za m'selo, ndipo ntchito yake n'kumva zimenezo. Ali ndi zigawo zitatu: alpha, beta ndi gamma. Gamma ndiye khutu lake, pomwe pamakhala ATP nthawi ya mwanaalirenji, ndipo AMP kapena ADP zimalanda malowo nthawi ya njala. Alpha ndiye dzanja lomwe limagwira ntchito.

Aphiri (Sadzi): Ndikamaphunzitsa ana a Fomu 4 za kupuma kwa selo, ndimawakumbutsa za anganga athu. Mwezi wa Januwale ukafika, anganga amasuzumira m'nkhokwe, n'kutuluka ndi mawu amodzi: kuyambira lero nsima ya masana palibe, mowa wa maliro a chaka chatha udikire, khonde lija musalimange, anyamata pitani ku dimba. Sadana ndi banja ayi. Akufuna banja lifike pa zokolola. AMPK ndi anganga amenewo.

Chikondi (Chikanda): Aphunzitsi mwandichotsa mawu m'kamwa. Ndipo malamulo a angangawo ali ndi mayina. AMPK akadzuka amaimitsa enzyme yotchedwa ACC, yomwe imayambitsa kupanga mafuta, komanso HMG-CoA reductase yomwe imapanga cholesterol. Selo yofuna kugawikana imafuna mafuta ambiri oti ipangire khungu la selo yatsopano, ndiye kuimitsa apa n'kuimitsa kumanga. Amaimitsanso mTORC1, yemwe ndi kapitawo wa zomangamanga m'selo, wolamula kuti mapuloteni apangidwe. Amalimbikitsa p53, amene amaletsa selo kugawikana zinthu zikakhala kuti sizili bwino. Kwinaku amatsegula njira zobweretsa mphamvu: kuwotcha mafuta, kulowetsa shuga, ndi kugaya ziwiya zakale za m'selo kuti zigwirenso ntchito. Ngakhale yisiti wa mandasi ali ndi wake, dzina lake SNF1. Dzina loti AMPK linachokera kwa a Grahame Hardie ndi anzawo ku Dundee, dziko la Scotland, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Tsopano ganizani: khansa ndi selo yomwe yakana kuleka kugawikana. Ikufuna kumanga usiku ndi usana. M'nyumba yotere, munthu wonena kuti "lekani, chimanga chatha" ndi mdani.

Abiti Yusufu: Ndiye imamupha?

Chikondi (Chikanda): Nthawi zambiri sipha mwiniwakeyo, asisi. Ichi ndi chomwe chinandidabwitsa ine nditayamba kuwerenga. Ma gene a AMPK weniweniyo sawonongeka kawirikawiri m'khansa. Chomwe chimawonongeka ndi amene amamupatsa mphamvu yolankhula.

Abiti Yusufu: Majini?! Nkhaniyi yafikanso ku majini?

Aphiri (Sadzi): Ayi Abiti, osati majini a mizimu aja. Akunena timalangizo ta chibadwa tomwe tili m'selo iliyonse, tomwe timalandira kwa bambo ndi mayi. Mawuwo amangomveka mofanana. Ana m'kalasi amafunsanso chimodzimodzi.

Abiti Yusufu: Zikomo aphunzitsi, mtima unagunda. Pitirizani achimwene.

Chikondi (Chikanda): AMPK kumva njala kokha sikukwanira. Kuti adzuke mokwanira, enzyme ina iyenera kumata phosphate pamalo amodzi a alpha, otchedwa Thr172. Ali ngati mlonda amene waona akuba koma wenzulo uli m'thumba mwa wina. Kwa zaka zambiri akatswiri ankasaka kuti mwini wenzuloyo ndani. Mu 2003 anapeza kuti ndi LKB1, ndipo anthu ofufuza za khansa anadzidzimuka, chifukwa LKB1 ankamudziwa kale ku mbali yawo. Mu 1998 zinali zitadziwika kuti gene ya LKB1, yomwe imatchedwanso STK11 ndipo ili pa chromosome 19, ndi yomwe imakhala yowonongeka mwa anthu obadwa ndi matenda a Peutz-Jeghers. Anthu amenewa amamera tinthu m'matumbo, amakhala ndi timadontho takuda pamilomo ndi m'kamwa kuyambira ali ana, ndipo khansa zosiyanasiyana zimawagwira mosavuta. Ndiye ofufuza za shuga ndi ofufuza za khansa anapezeka kuti akhala akukumba chitsime chimodzi, wina mbali iyi wina mbali iyo.

Mdala wa ku Mpondabwino: Timadontho takuda pamilomo? Ine milomo yanga ndi yakuda chibadwire, mwana wanganso. Mukutiopseza apa.

Nasibeko (namwino wopuma): Khalani pansi bambo. Milomo yakuda ndi khungu lathu ife anthu akuda, si matenda. Peutz-Jeghers ndi osowa kwambiri, ndipo amayenda ndi mavuto a m'mimba kuyambira ubwana, monga kupotokola koopsa, matumbo kulowana, kapena magazi m'chimbudzi, kawirikawiri m'banja momwe ena anadwalapo zomwezo. Ine zaka zonse ndagwira ntchito sindinkayang'ana milomo ya anthu n'kumawauza za khansa.

Chikondi (Chikanda): Zoona amayi. Ndipo anthu ambiri amene LKB1 wawo wawonongeka sanabadwe naye wotero. Amawonongekera m'chotupa momwemo, selo zina za thupi zili bwinobwino. M'khansa ya m'mapapo ya mtundu wa adenocarcinoma, makamaka mwa osuta fodya, zimapezeka pafupifupi m'chotupa chimodzi mwa 5 kapena 6 zilizonse. Ndipo Mai a Tadala, apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza azakhali: kafukufuku wa mu 2009 ku America anapeza kuti pafupifupi chimodzi mwa zotupa 5 za khomo la chiberekero chinali ndi LKB1 wowonongeka, ndipo zoterozo zinkafulumira kufalikira.

Pali nkhani ina yomwe imandikhudza. Maselo otchuka kwambiri m'malabu a dziko lonse amatchedwa HeLa. Anatengedwa mu 1951 pachotupa cha khomo la chiberekero cha mayi wachikuda wa ku America, Henrietta Lacks, pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, iye osauzidwa. Anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 31, koma maselo ake akugawikanabe mpaka lero. Maselo amenewo alibe LKB1. Moti pomwe ofufuza ankafuna kutsimikiza kuti LKB1 ndiye mwini wenzulo, HeLa anathandiza: mankhwala ena odzutsa AMPK sankagwira mwa iwo, koma atawabwezera LKB1 anayamba kugwira.

Mai a Tadala (Chinamwali): Zaka 31. Msinkhu wangawu. Ndiye kuti khansa ya azakhali yayamba chifukwa cha LKB1?

Nasibeko (namwino wopuma): Ayi mwana wanga, apa tisasokoneze. Choyambitsa pafupifupi khansa zonse za khomo la chiberekero ndi kachilombo ka HPV. Za LKB1 zikakhalapo zimabwera pambuyo, kuthira mafuta pamoto woyaka kale. Ndipo si chotupa chilichonse chili nazo.

Aphiri (Sadzi): Funso langa Chikondi. Zotupa zomwe LKB1 ali bwinobwino ndi zambiri kuposa zowonongekazo. Izozo zimamuthawa bwanji mlondayu?

Chikondi (Chikanda): Njira zilipo zingapo aphunzitsi, ndipo yomwe imandichititsa chidwi ndi iyi. Mukudziwa mmene amalembera X wofiira pamakoma a nyumba zomwe zili m'malire a msewu, kuti zigumulidwe? Selo nayo ili ndi X wake, kapuloteni kakang'ono kotchedwa ubiquitin. Puloteni ikamatidwa timeneti tambiri, imatengedwa kupita kuchigayo cha m'selo, proteasome, n'kugayidwa. Ndi njira yabwino yochotsera zinyalala. Tsono pali mapuloteni awiri apachibale, MAGE-A3 ndi MAGE-A6, omwe mwa munthu wabwinobwino amapezeka m'machende mokha, m'maselo opanga mbewu ya abambo. Kwina konse m'thupi ma gene awo amakhala okhoma. Koma zotupa zambiri, za m'mapapo, za m'mawere, za m'matumbo, zimawatsekulanso. Mu 2015 gulu la a Ryan Potts ku Texas linaonetsa kuti MAGE-A3 kapena A6 akagwirana ndi puloteni ina, TRIM28, amalemba X pa alpha 1 ya AMPK (alpha ilipo mitundu iwiri, 1 ndi 2), ndipo imagayidwa. Gene ya AMPK ili bwinobwino, LKB1 ali bwinobwino, wenzulo ulipo, koma mlonda akangofika pantchito amanyamulidwa. Zikatero mTORC1 amamanga popanda womuletsa.

Ya alpha 2 nayo ili ndi woilembera X wake, dzina lake UBE2O.

Che Bwanali (Songani): Koma ndiye khansa ili ndi nzeru ngati munthu.

Aphiri (Sadzi): Imaoneka choncho Che Bwanali, koma siganiza. M'chotupa muli maselo mamiliyoni, ndipo pogawikana ena amalakwitsa pokopera malangizo awo. Amene kulakwitsa kwake kwamuthandiza kukula msanga ndi amene amachulukana, enawo n'kutsalira. Zili ngati kaufiti m'munda mwa chimanga. Sakonza mapulani, kungoti amene wapeza muzu woyamwa ndiye amabereka njere zambiri.

Chikondi (Chikanda): Ndendende. Njira ina ikukhudza insulin, ndiye Che Bwanali mutchere khutu. Insulin ndi mauthenga ena olamula kukula amadzutsa enzyme yotchedwa Akt. M'khansa zambiri Akt amakhala woyaka osazima, kawirikawiri chifukwa chomuzimitsa chake, PTEN, chatayika. Akt amamata phosphate pamalo ena a alpha 1, Ser487, ndipo kachidutswa ka mchira wa alpha kamapindika n'kutchinga, LKB1 osafikanso bwino pa Thr172. Wenzulo ulipo, mlonda alipo, koma amumanga nsalu kukamwa. M'khansa ya khungu ya melanoma yokhala ndi gene ya BRAF yowonongeka (V600E), amene amamangidwa ndi LKB1 mwiniwake, kudzera mwa ma enzyme otchedwa ERK ndi RSK. Palinso ma enzyme ofufuta phosphate uja pa Thr172 akangomatidwa. Misewu yosiyana, kofikira n'kumodzi.

Mdala wa ku Mpondabwino: Chabwino, mwatiunjikira mayina. Ine ndikufunsa chimodzi. Ngati khansa imamutseka pakamwa, ndipo metformin amamutsegula, cholakwika ndi chiyani ndi zomwe wanena wa voice note uja? Mwina madokotala akungofuna tizigula mankhwala odula.

Chikondi (Chikanda): Funso labwino bambo, ndipo madokotala omwewo analifunsa zaka 20 zapitazo, ali ndi chiyembekezo chachikulu. Mu 2001 zinadziwika kuti metformin amadzutsa AMPK. Amachita zimenezi pochepetsa pang'ono ntchito ya mitochondria, malo opangira ATP, ndiye AMP imakwera. Mu 2005 ofufuza a ku Dundee komweko anayang'ana mabuku a odwala shuga a m'dera la Tayside n'kuona kuti omwa metformin ankaoneka kuti sadwala khansa kwambiri ngati anzawo. Dziko lonse linasangalala, chifukwa metformin ndi wotchipa, wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira 1957. Palibe amene anabisa. M'malo mwake anayamba kumuyesa mwadongosolo.

Kuyesa kwakukulu kunali kotchedwa MA.32, kotsogoleredwa ndi a ku Canada. Anthu 3,649 odwala khansa ya m'mawere, opanda shuga, anagawidwa mwamaere: ena metformin, ena piritsi lopanda mankhwala, kwa zaka 5, pamwamba pa chithandizo chawo cha nthawi zonse. Zotsatira zinatuluka mu 2022. Metformin sanachepetse kubwerera kwa khansa, ndipo sanatalikitse moyo. Ine nditawerenga zinandipweteka, chifukwa kwa dziko ngati lathu piritsi lotchipa chonchi likanakhala dalitso. Koma zotsatira ndi zimenezo.

Aphiri (Sadzi): Nanga za ku Tayside zija zinasokonekera pati?

Chikondi (Chikanda): Kuyang'ana m'mabuku a odwala kumanyenga aphunzitsi. Amene amapatsidwa metformin nthawi zambiri ndi amene shuga wawo sanafike patali ndipo impso zawo zili bwino. Ukawayerekeza ndi amene ali pa insulin kapena mankhwala ena, ukuyerekeza anthu osiyana kale. Maere ndi amene amachotsa chinyengo chimenecho. Chinanso, metformin amagwira kwambiri m'chiwindi ndi m'matumbo chifukwa maselo a kumeneko ali ndi zitseko zomulowetsa. Mlingo womwe amathira pamaselo a m'labu nthawi zambiri ndi wokwera kutali kuposa womwe umafika pachotupa cha munthu womwa mapilitsi. Komanso taganizani zomwe tanena zija: ngati LKB1 kulibe, kapena AMPK akugayidwa, mukudzutsa ndani?

Koma chachikulu sindinachinene. AMPK si mdani wa khansa nthawi zonse.

Mai a Tadala (Chinamwali): Iii, ndiye mwanditayanso.

Chikondi (Chikanda): Tibwerere kwa anganga a aphunzitsi aja. Nyumba isanasokonekere, anganga amaletsa zomanga zopanda pake, ndipo khansa imavutika kuyamba. Zimenezi zinaoneka pa mbewa za m'labu: mu 2013 ofufuza a ku Montreal anachotsa alpha 1 pa mbewa zomwe zimadwala khansa yotchedwa lymphoma, ndipo khansa inabwera msanga. Maselo ake anayambanso kudya shuga mwadyera n'kumautaya ngati asidi wotchedwa lactate, osauwotcha wonse, ngakhale mpweya ulipo. Khalidwe limeneli analiona kalekale Otto Warburg wa ku Germany m'zaka za m'ma 1920. Njira imeneyo imapereka ATP 2 zokha pa shuga mmodzi, pomwe kuwotcha konse kumapereka pafupifupi 30, koma imasiyira selo zidutswa zomangira.

Tsono chotupa chikakula, pakati pake pamatalikirana ndi mitsempha ya magazi. Mpweya umachepa, shuga amachepa. Njala yeniyeni yafika m'nyumba ya akuba. Pamenepo amene ali ndi anganga odziwa kusunga ndiye amapulumuka. Mu 2012 ofufuza a ku Chicago anaonetsa kuti maselo a khansa akasowa shuga, AMPK ndi amene amawapulumutsa, ndipo opanda LKB1 kapena AMPK amafa msanga. Ndiye chifukwa chake zotupa zambiri zimangomuchepetsa mawu, osamuchotseratu. Zina mpaka zimachulukitsa gene ya alpha 1. Palinso wenzulo wachiwiri, CaMKK2, womvera calcium osati njala, womwe umakwera m'khansa ya prostate. Moti kudzutsa AMPK mwa munthu amene chotupa chakhazikika kale kutha kukhala kupatsa akuba msungichuma.

Aphiri (Sadzi): Apa ndaphunzirapo, ine ndinkangodziwa theka loyambalo. Ndiye kuti chotupa chomwe chataya LKB1 chili ngati nyumba yomwe imadya osayang'ana m'nkhokwe. Chimathamanga, koma njala ikabwera chilibe wochichenjeza.

Chikondi (Chikanda): Eya, ndipo ofufuza akuyesa kugwiritsa ntchito kufooka kumeneko. Mu 2013 anaona kuti pa mbewa, zotupa za m'mapapo zopanda LKB1 zinkafa kwambiri ndi phenformin, m'bale wake wa metformin wamphamvu kwambiri. Onani kusiyana kwake ndi za voice note zija: mankhwalawo sanagwire podzutsa AMPK, anagwira chifukwa AMPK sakanatha kudzuka. Koma phenformin anachotsedwa pamsika m'mayiko ambiri m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha asidi wa m'magazi uja amanena amayi Nasibeko. Si zoyesera pakhomo.

Abiti Yusufu: Nanga zosala kudya? Ife timasala mwezi wonse wa Ramadan, sitifa.

Nasibeko (namwino wopuma): Abiti, inu mukudziwa kuposa ine kuti wodwala saumirizidwa kusala. Ndipo thupi lili ndi khalidwe loti silola shuga wa m'magazi kutsika kwambiri, chifukwa ubongo umadalira iyeyo. Ukasiya kudya, chiwindi chimayamba kupanga shuga, ndipo zopangira zina chimazitenga ku minofu yako. Chotupa chimadyabe, woonda ndi mwini thupi. Ndawaona ambiri ofika kuchipatala ataonda chifukwa achibale anawaletsa nsima, shuga, nyama, ati kulanga khansa. Munthu akafooka kwambiri kapena magazi akachepa, madokotala amakakamizika kuchedwetsa mankhwala kapena opaleshoni. Azakhaliwo akutaya kale magazi ndi matendawa. Apatseni phala la likuni lothira nsinjiro, mazira, usipa, matemba a ku Chilwa, nyemba, chisoso, bonongwe, mapeyala. Akamalephera kudya zambiri, pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

Che Bwanali (Songani): Ndiye ine ndisiye metformin wanga, poti mwina akudyetsa akuba?

Chikondi (Chikanda): Ayi ayi Che Bwanali, musasiye! Inu mukumwa chifukwa cha shuga, ndipo pa shuga ndi mankhwala abwino, oyesedwa zaka zambiri. Palibe chomwe ndanena chosonyeza kuti amabweretsa khansa. Ndangoti si mankhwala a khansa.

Ndipo kwa ife amene sitikudwala, AMPK amadzuka ndi chinthu chaulere. Minofu ikamagwira ntchito imadya ATP, AMP imakwera, iye n'kudzuka. Kulima, kupalasa njinga, kukwera phiri wapansi kulowera ku Mulunguzi. Kunenepa kwambiri ndi insulin wochuluka zimamufooketsa, ndipo bungwe lofufuza za khansa la IARC linanena mu 2016 kuti kunenepa kwambiri kumakhudzana ndi mitundu 13 ya khansa. Sindikunena kuti AMPK yekha ndiye chifukwa, zifukwa n'zambiri, koma mbali imeneyo ndi ya kupewa, chotupa chisanayambe.

Mdala wa ku Mpondabwino: Ine njinga ndimapalasa tsiku lonse ndi katundu, ndiye anganga anga ali maso. Koma ndimasuta. Za m'mapapo zija zandilowa.

Nasibeko (namwino wopuma): Zikulowenidi bambo. Njinga sifufuta utsi.

Chikondi (Chikanda): Ndipo zotupa za m'mapapo zomwe zataya LKB1 pamodzi ndi kuwonongeka kwa gene ya KRAS ndi zina mwa zovuta kuchiza. Ngakhale mankhwala atsopano odzutsa chitetezo cha m'thupi sagwira bwino pa izo. Kusiya fodya kuli m'manja mwanu lero, LKB1 akatayika sabwerera.

Nasibeko (namwino wopuma): Ndionjezere za amayi, poti ndi zomwe zatisonkhanitsa. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri padziko lonse, chonsecho ndi khansa yomwe imapereka zaka zambiri za chenjezo. Kuyeza kwa VIA n'kopaka viniga pakhomo la chiberekero, malo oyamba kusintha amayera, ndipo kawirikawiri amathandizidwa tsiku lomwelo. M'zipatala za boma n'kwaulere. Amayi omwe ali ndi HIV chiopsezo chawo n'chokwera pafupifupi ka 6, ndiye asamadumphe. Katemera wa HPV anayamba kuyesedwa konkuno ku Zomba ndi ku Rumphi mu 2013, dziko lonse lisanayambe mu 2019 ndi atsikana a zaka 9. Mai a Tadala, inuyo munayezetsapo?

Mai a Tadala (Chinamwali): Sindinayezetsepo amayi. Ndimangoti ndipita, ndipita. Azakhalinso ankatero, ankati kutaya magaziko ndi kusintha kwa msinkhu.

Ndawawerengera bambo zonsezi mokweza, azakhali ali pamkeka pomwepo akumva. Bambo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati iwo amangofuna kuchitapo kanthu, chifukwa kuonerera mlongo wako akudwala manja ali lende n'kowawa. Ndawauza kuti ntchito yawo ikhale yogula mazira ndi kuwaperekeza ku Blantyre. Mapilitsi abwerera m'kabati mwawo.

Abiti Yusufu: Mulungu awagwire dzanja azakhali. Mai a Tadala, mukamapita koyezetsako mundiuze, tipitire limodzi. Nane sindinapiteko, ndimaopa ndekha.

Aphiri (Sadzi): Msuweni uja mumutumizire zokambiranazi, mwina wafalitsa kale mawu aja ku magulu ena. Chikondi, ndingakupeze kuti undijambulire chithunzi cha LKB1, AMPK ndi mTORC1 papepala limodzi? Ndikufuna ndikachipachike m'kalasi.

Chikondi (Chikanda): Ndijambula usiku uno aphunzitsi, ndikutumizirani ku inbox. Mai a Tadala, tsiku la ku Queens mukatenge buku la kuchipatala la azakhali ndi mankhwala onse omwe akumwa, ngakhale azitsamba, mukawaonetse adokotala.

Nasibeko (namwino wopuma): Ndipo mkodzo ukayamba kuchepa, miyendo kutupa, kapena magazi akatuluka ambiri, musadikire tsiku la ku Blantyre. Thamangani nawo ku Central usiku womwewo.

Mai a Tadala (Chinamwali): Ndamva amayi. Abiti, Lachiwiri m'mawa, tikumane pa siteji ya Chinamwali 7 koloko. Pano ndikaike phala pamoto, azakhali ati akufuna lothira nsinjiro zambiri.